Msewu wa pakati: zolemba za ulendo wanga wa ku Dar es Salaam

Lolemba, 15 Julaye 2024, Kyela

Miyendo yatupa. Tinanyamuka ku Lilongwe dzulo dzuwa litapendeka ndipo usiku wonse tulo sitinabwere. Munthu wozolowera chiwongolero amavutika akakhala pampando wa wokwera. Potsika Chiweta kuli mdima wa ndiweyani, phazi langa limangoponda pansi kufunafuna buleki, makutu ali ku injini kuti ndimve ngati mnzanga wabweza giya. Anayendetsa bwino ndithu, koma mtima unakhala pansi titafika ku Karonga, kunja kukuyera.

Kwa amene simundidziwa, ndimayendetsa minibasi ya achimwene anga, Area 25 kupita m'tauni, ndipo chaka chino ndi cha 14. Giyabokosi inatha mwezi watha. Chigwereni kwacha mu Novembala, pamene anaitsitsa ndi 44 peresenti, masipeya kwathu sagulika. Alamu athu amene amakhala ku Dar es Salaam ndiwo anati bwerani mudzasankhe nokha, mudzatengenso tina ndi tina tokagulitsa kuti ndalama yoyendera ibwerere.

Mlatho wa Songwe ndawoloka wapansi, chikwama kumsana. Ku Kasumulu anyamata osintha ndalama anandizungulira ngati njuchi, ndipo ndinawerenga mashilingi anga katatu manja akunjenjemera. Mayi wina wogulitsa nthochi ndiye anandikumbutsa kuti ndikankhire wotchi patsogolo ndi ola limodzi. Atayang'ana tikiti yanga ya mawa, pomwe alemba kuti saa 12 asubuhi, anandigwira mkono n'kunena mwa Chinkhonde chosakaniza ndi Chichewa kuti, "Bambo, musadzabwere masana. Imeneyi ndi sikisi m'mawa." Kuno amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka. Pakanapanda mayi ameneyu basi ikanandisiya.

Ndadya mpunga wa ku Kyela ndi nyemba, mashilingi 2,000. Fungo lake ngati Kilombero wathu.

Lachiwiri, 16 Julaye, Kimara

Tsiku lonse m'basi. Tukuyu kozizira, minda ya tiyi ndi nthochi, kenaka Uyole, Makambako, Mafinga, Iringa. Pa Kitonga mantha a ku Chiweta anabwereranso, malole amafuta akutsika pang'onopang'ono mabuleki akununkha. Ena mwa malolewo anali a manambala akwathu. Ku Mikumi anthu anathamangira kumawindo kuona nyamalikiti, ine ndinali nditatheratu.

Tafika ku Mbezi cha m'ma 10 koloko usiku. Mabasi akutali masiku ano salowanso ku Ubungo, amathera pa depoti yaikulu ya Magufuli yomwe inatsegulidwa mu 2021. Alamu anali atadikira maola awiri. Tinakwera bajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu, mpaka ku Kimara. Tikutsika ndinaona chinyumba chachitali chowala magetsi pakati penipeni pa msewu, mlatho wa anthu oyenda pansi ukudutsa pamwamba pake, mabasi abuluu ataima m'mbali.

"Alamu, imeneyo ndiye mwendokasi," anatero. "Mawa muilawa."

Ndinafunsa kuti mwendo wa ndani. Anaseka, nati m'Chiswahili mwendo ndi kayendedwe, kasi ndi liwiro. Dzina la boma ndi DART, koma palibe amene amalitchula.

Lachitatu, 17 Julaye, Kimara kupita ku Gerezani

Lero ndilemba zambiri, mundipirire, chifukwa zomwe ndaona zandikhudza pa ntchito yanga.

Tinafika pa Kimara 6 koloko itangokwana, anthu ali kale nyomi pamlatho. Tikiti umagula pawindo usanalowe, mashilingi 750, kaya utsika pafupi kaya upita mpaka kumapeto. Ana asukulu amalipira 200. M'basi mulibe kondakitala, mulibe wofunsa chenji, pasiteji palibe woitanira. Khutu langa limadikira kumva wina akukuwa dzina la komwe basi ikupita, koma dzinalo limangoyenda ndi magetsi pachipumi pa basi: Kivukoni, Gerezani, Morocco.

Kukwera kwake ndiye nkhondo. Basi yoyamba inabwera, zitseko zinatseguka, anthu anakhamukira ngati madzi osefukira, ife tinatsala. Yachiwiri chimodzimodzi. Pa yachitatu alamu anati, "Chikwama kutsogolo, foni m'thumba lamkati, musaime ayi, ingololani akukankheni." Ndinalowa mapazi osagunda bwino pansi. Ndakhala ndikukweza anthu anayianayi pampando zaka zonsezi, koma kuthinana kwa lero ndinali ndisanakuonepo. Mabasi aatali aja, olumikiza pakati ngati akodiyoni, anawapangira anthu pafupifupi 150, ndipo m'mawa ndikhulupirira kuti amapitirira apo.

Koma itangonyamuka ndinaiwala za nthiti zanga.

Msewu wa Morogoro anaugawa chonchi: pakati pali njira ziwiri za konkire, ina yopita ina yobwera, zotchingidwa ndi kampanda kakafupi ka simenti. Mmenemo mumayenda mabasi abuluu okha. Magalimoto ena onse, madaladala omwe ndi maminibasi akuno, malole, ma Prado a mabwana, amayenda m'mbali. Masiteji nawo ali pakati, n'chifukwa chake zitseko za basi zili kudzanja lamanja, mbali ya dalaivala. Pansi pa siteji m'pokwera molingana ndi pansi pa basi, moti sukwera masitepe, umangolowa ngati ukuchoka pakhonde kulowa m'nyumba. Pa siteji iliyonse njira imatambasuka kuti basi ya ekisipulesi idutse inzake itaima.

Tinadutsa Korogwe, Bucha, Baruti, Kona, Kibo. Pofika ku Ubungo, pansi pa milatho yosanjikizana ya Kijazi, kumanzere kwathu magalimoto anali ataima chilili, mzere wosaoneka kothera. Foleni, ndilo dzina lake kuno. Ife tinangodutsa. Ndinaona bambo wina ali yekha m'galimoto lalikulu loyera, dzanja pachibwano, akutiyang'ana. Mayi amene anandiponda phazi, wonyamula ndowa ya mandasi, anafika m'tauni bamboyo asanafike n'komwe ku Manzese. Chinthu chimenechi sindinachionepo kwina kulikonse, kuti wa 750 apite patsogolo, wagalimoto lake atsale.

Monga dalaivala ndimayang'ana liwiro. Basiyi sithamanga ayi, ine pa msewu wa M1 ndimathamanga kuposa apa mpata ukapezeka. Kungoti siima pachabe. Siidikira kudzaza, siima pomwe wina wakweza dzanja, siilimbirana wokwera ndi inzake, ndipo kutsogolo kwake kulibe kanthu koma maloboti okha.

Shekilango, Urafiki pomwe pali fakitale yakale ya nsalu imene anamanga mothandizidwa ndi dziko la China, Tip Top, Manzese, Argentina, Kagera, Mwembechai, Usalama, Magomeni Mapipa. Mainawa ndimawalemba pachikhatho. Tinatsetserekera ku Jangwani, n'kukhota pa Fire kulowa msewu wa Msimbazi. Gerezani tinafika patatha mphindi 45 chinyamukire. Pa Kimara tinali titadikira mphindi 40.

Ku Kariakoo tazungulira mashopu a masipeya mpaka masana. Giyabokosi ziwiri zomwe anationetsa sizinandigwire mtima, ina inali ndi tizitsulo m'mafuta. Nkhomaliro chipsi mayai, tchipisi chokazingira limodzi ndi mazira, 3,000.

Lachinayi, 18 Julaye, Kivukoni ndi Gerezani

Alamu apita kuntchito, ndayenda ndekha. Ku Ilala ndapeza mwini shopu wachikulire amene anandimvetsa. Wati kontena yake ikutsitsidwa Loweruka ndipo muli giyabokosi ya mtundu womwe ndikufuna, ndidzabwere Lolemba. Ndalama ya chakudya ichepa, koma kugula chinthu chakufa n'kuchinyamula mpaka ku Lilongwe ndiye kungakhale kutaya kwenikweni. Ndawaimbira achimwene, avomera.

Poti nthawi inalipo, ndinabwerera pa Fire n'kukwera ya ku Kivukoni. Masana basi imakhala ndi mpata, ndinapeza mpando. Kuchoka pa Fire njira imalowa m'kati mwa tauni yakale, DIT, Kisutu, ndipo pamenepa msewu ndi wopapatiza moti mbali ina anausiyira mabasi ndi anthu oyenda pansi okha. Imatulukira kunyanja pa Posta ya Zamani n'kutsata gombe mpaka pa Kivukoni, pafupi ndi msika wa nsomba ndi pokwerera pantoni, chombo chowolotsa anthu ndi magalimoto kupita ku Kigamboni. Kuchokera ku Kimara ndi makilomita pafupifupi 16.

Ndinakhala pamwala kuyang'ana sitima ikulowa padoko, yaitali kuposa bwalo la mpira, makontena atasanjikizana. Mwina mafuta omwe ndidzathire mwezi wamawa ku Kanengo adutsa pakamwa pomwepa. Ndinamwa dafu, kokonati wamuwisi, 1,000. Mnyamata wogulitsayo atamva kuti ndine Mnyasa, monga amatitchulira kuno, anandisemera kasupuni ka chikhokho chake kuti ndikokotere zamkati.

Cholakwa changa chinali kubwerera ku Kariakoo kukagula mabuleki padi ndi mafyuluta, n'kupezeka pa Gerezani 5 koloko madzulo. Musadzayerekeze. Anthu onse a mumsika amaweruka nthawi imodzi. Basi ikamalowa anthu amathamangira komwe akuganiza kuti chitseko chiima, achinyamata ena amalowera pawindo. Ndinaima ola lathunthu ndi mphindi zina, katundu m'manja, thukuta lili kamukamu. Kunena zoona ndinachita mantha, makamaka nditaona mtsikana wina wasukulu atagwa pakati pa miyendo ya anthu. Anamudzutsa msanga, sanavulale, koma ndinaganiza za mwana wanga wamkazi amene ali Fomu 2.

Bambo wina wovala kanzu, ndiye mkanjo, wamsinkhu wa malemu bambo anga, anaona kuti ndine mlendo. Tinamvana ndi manja komanso mawu ochepa omwe zilankhulo zathu zimafanana, njia ndi njira, mvua ndi mvula. Anandikokera kumapeto kwa siteji komwe chitseko chakumbuyo chimaima, nandiika patsogolo pake. Titalowa analandira jumbo yanga ya mafyuluta n'kuiika pamiyendo pa mayi wina amene anali pampando, mayiyo osafunsa kanthu. Anaisunga mpaka ku Kimara. Nditati asante, anayankha kuti pole na safari, ndiye kuti pepani ndi ulendo.

Usiku ndinawafunsa alamu chifukwa chake zili chonchi. Akuti pamene zinkayamba, pa 10 Meyi 2016, panali mabasi 140 atsopano a Golden Dragon ochokera ku China, ndipo munthu sunkadikira. Anthu anazikonda, anachuluka, mzinda nawo ukukula tsiku ndi tsiku, pamene mabasi ena akalamba ndipo ena ali pagalaja. Izi ndikuzidziwa bwino. Galimoto yonyamula katundu wopitirira muyezo m'mawa ndi madzulo, masiku onse, imadya masipuling'i, mabuleki ndi zitseko. Msewu wa konkire ukhoza kukhala zaka makumi angapo, koma basi imafuna sipeya mwezi uliwonse.

Lachisanu, 19 Julaye, Morocco

Ndaperekeza alamu kuntchito kuti ndione njira yachitatu. Iwo amasamalira maluwa panyumba ina ku Mikocheni, chaka cha 11 tsopano. Basi ya Kimara kupita ku Morocco imatsata msewu womwewo mpaka ku Magomeni, n'kukhotera kumanzere mu msewu wa Kawawa, kudutsa Mkwajuni ndi Kinondoni. Nthambiyi ndi yaifupi, siikwana makilomita anayi. Ukaphatikiza zonse, thunthu la Kimara mpaka Kivukoni ndi nthambi ziwiri za Gerezani ndi Morocco, ndi makilomita 21, madepoti akuluakulu asanu ndi masiteji 27. Anamanga ndi a kampani ya Strabag ndi ngongole ya World Bank, ntchito inayamba mu 2012. Alamu amakumbukira fumbi lake, akuti zaka zitatu anthu a ku Kimara ankadzuka 4 koloko.

"Kale ndinkanyamuka nyenyezi zili kumwamba, kufika kuntchito bwana atadya kale kadzutsa," anatero. "Lero ngakhale ndidikire pasiteji, ndikakwera ndadziwa kuti ndafika."

Pa Morocco tinakumana ndi amayi awiri akwathu, wina wa ku Nkhata Bay wina wa ku Mzimba, onse ogwira ntchito m'nyumba za ku Masaki. Tinamwa tiyi limodzi pa kamsasa, chapati ziwiri ndi tiyi wamkaka 1,500. Anandifunsa mtengo wa thumba la chimanga kumudzi, ndipo nditawauza anangoti kukamwa yasa. Mmodzi wandipatsa kaphukusi ka zitenje kuti ndikasiyire mwana wake ku Mzuzu.

Pobwerera ndinakwera ya Morocco kupita ku Kivukoni n'kutsika pa Jangwani, dala, kuti ndione chigwa chomwe aliyense amachitchula. Ndi dambo lalikulu la mtsinje wa Msimbazi. Mwezi uno mtsinjewo ndi kamfuleni chabe kodzaza mabotolo, koma m'mbali mwa msewu muli milu ya mchenga ndi matope ouma omwe anakokolola ndi mathirakitala. Mvula ya masika, Malichi mpaka Meyi, ikagwa kumtunda madzi amakwera pamwamba pa msewu, apolisi amatseka, ndipo mwendokasi yonse yolowa m'tauni imaima, chifukwa mabasi a ku Kivukoni ndi a ku Gerezani onse amadutsa pakhosi pomwepa. Galaja yoyamba ya mabasiwa anaimanganso m'dambo lomweli, ndipo madzi analowamo kangapo n'kuononga mabasi. Wogulitsa chinangwa chokazinga anandilozera pakhoma pomwe madzi anafika, panali pamwamba pa mutu wanga. Akuti kudzamangidwa mlatho wautali. Ndinakumbuka mtsinje wa Lingadzi ndi wa Lilongwe mmene imachitira mu Febuluwale.

Chapafupi pomwepo pali likulu la timu ya Yanga, ndipo la Simba lili mu msewu wa Msimbazi, siteji ziwiri zokha kutalikirana. M'basi anthu amakangana za matimu awiriwa monga timachitira ndi Bullets ndi Manoma.

Loweruka, 20 Julaye, Mbagala

Alamu anati ngati ndikufuna kudziwa mmene Dar inalili kale, ndikwere daladala ya ku Mbagala. Ndinakwera pafupi ndi Gerezani, ndipo ndinamva ngati ndafika kwathu. Konda, ndiye kondakitala, akulendewera pachitseko, ndalama zachitsulo zikulira m'manja, akumenya bodi kuti dalaivala aime. Wotsika amakuwa kuti shusha, ndiye kuti tsitsa. Ndinapempha kukhala kutsogolo.

Msewu wa Kilwa nawo anaumanga kale njira za pakati, kuchokera m'tauni mpaka ku Mbagala Rangi Tatu, ndi ndalama za African Development Bank. Masiteji aima, madenga akuwala, milatho yatha. Mabasi ndiwo anali asanayambe. Tinayenda m'mbali mothinana, kudutsa Kurasini komwe kuli malo osungira katundu wa dziko lathu a Malawi Cargo Centre, kenaka Mtoni, njira ya pakati ili gwaa, mukungodutsa njinga zamoto za bodaboda. Zinandipweteka mtima kuona msewu wabwino chotere uli duu pamene m'daladala mwathu mayi woyembekezera waimirira.

Dalaivala anali wamsinkhu wanga, wodziwa Chingerezi pang'ono. Nditamuuza ntchito yanga anandipatsa dzanja, chiwongolero atagwira ndi limodzi. Iyenso ali ndi ndalama yoti apereke kwa mwini galimoto madzulo aliwonse, yotsalayo ndiye agawane ndi konda atachotsa mafuta. N'chifukwa chake timathamanga, n'chifukwa chake timaima paliponse, n'chifukwa chake timatsekerezana pasiteji. Anthu amati madalaivala a minibasi ndife amwano, koma sadziwa kuti 3 koloko ikakwana tageti isanakwane mutu umazungulira.

Anandiuza kuti kale ankayenda msewu wa Morogoro, Kimara mpaka Kariakoo. Mwendokasi itabwera madaladala a njira imeneyo anawachotsa, iye anasamukira kuno. Ndinamufunsa kuti nanga mabasi akayamba kuno apita kuti. Analoza kutsogolo ndi chibwano, nati Kongowe, Chamazi, Mkuranga, kulikonse komwe konkire sinafike. Kenaka anati akadakonda kuyendetsa yabuluu, chifukwa kumeneko kuli malipiro apamwezi ndi maola odziwika, koma pamafunika laisensi ya mabasi akuluakulu ndi maphunziro, ndipo basi imodzi imalowa m'malo mwa madaladala asanu kapena kuposa. Makonda ndiye alibiretu malo.

Ndakhala ndikuganiza zimenezi madzulo onse. Lachitatu ndinasangalala kuona mayi wa mandasi akupitirira Prado. Lero ndaona kuti zitabwera kwathu, woyamba kuchotsedwa pamsewu wa Area 25 ndine, ndi mnyamata wanga amene wakhala pachitseko changa zaka zisanu ndi chimodzi ndipo ali ndi ana awiri. Zonse ziwiri ndi zoona ndipo sindikudziwa poziika.

Lamulungu, 21 Julaye, Kigamboni

Tinapemphera m'mawa ku Kimara, nyimbo zina maimbidwe ake ndi omwewo akwathu, ndinangoyimba m'Chichewa. Titatuluka ndinawapempha alamu ndi akazi awo kuti tikwerenso, ulendo uno ndikhale kumbuyo kwenikweni kwa dalaivala.

Lamulungu basi imapuma bwino. Ndinamuyang'anitsitsa mnzangayo kuyambira ku Kimara mpaka ku Kivukoni. Giya ndi yodzisintha yokha. Luso lake lili poimika: chibasi cha mamita 18 amachisendeza kufupi ndi siteji mpaka mpata wotsala ndi wa chikhatho chimodzi, zitseko zonse n'kulunjika pamakomo ake. Akaphonya pang'ono, gogo kapena mwana akhoza kuponda m'mpata. Anachita zimenezi pa siteji iliyonse osagunda ngakhale kamodzi. Sanakuwe, sanaimbe hutala kupatula pamene wa bodaboda analowa m'njira yake pa Manzese. Nkhope yake inali ya munthu amene sakuwerengera ndalama m'mutu. Ndinamusirira, ndisaname.

Tinawoloka pa pantoni kupita ku Kigamboni, mashilingi 200, mphindi zosakwana khumi. Tinadya nsomba yokazinga ndi ugali, womwe ndi nsima yolimbirapo, ya mgaiwa. Akazi a alamu anandifunsa ngati ku Lilongwe zoterezi zingatheke. Ndinawauza kuti malo alipo, misewu inali kukuzidwa, wa Kenyatta ankaupanga wa njira zisanu ndi imodzi. Koma pa zisanu ndi imodzizo sindinamvepo kuti ina aisiyira mabasi okha, ndipo anthu ambiri a ku Area 25, Chinsapo, Kawale ndi Area 36 alibe magalimoto. Tikamathinana pa mlatho wa Lilongwe 5 koloko, m'minibasi mwanga mumakhala anthu 15, galimoto yapatsogolo panga munthu mmodzi, tonse tili pamzere umodzi. Zaka zonsezi ndinkaona ngati ndi mmene zinthu zimakhalira basi.

Alamu akuti mzindawu unalandira mphoto ya padziko lonse lapansi ya kayendedwe kabwino mu 2018 chifukwa cha mwendokasi, woyamba mu Africa muno. Mapulani ake ndi a magawo asanu ndi limodzi. Panopa akukumba msewu wa Nyerere wopita ku bwalo la ndege ndi ku Gongo la Mboto, komanso wa Bagamoyo wopita ku Tegeta. Iwo akuti sasamala za mphoto, akufuna mabasi awonjezeke basi.

Ndatopa, koma kutopa kwabwino. Ndalama yatsala yokwanira giyabokosi, tikiti ndi msonkho wa pa Songwe, ngati sandikwezera.

Lolemba, 22 Julaye, Mbezi

Mkulu wa ku Ilala anasunga mawu ake. Giyabokosi ndinaitsegula ndekha pansi, mafuta oyera, magiya onse akulowa bwino, shafuti yosagwedera. Tinanenerera mtengo kwa theka la ola, anatsitsako pang'ono, nandiwonjezera mamaunting'i awiri ulere atamva kutalika kwa ulendo wanga. Anyamata ake anaikulunga m'matumba ndi makatoni n'kumanga ndi zingwe.

Chitsulo chotere sichilowa mu mwendokasi. Ndinachita hayala kagalimoto kakang'ono ka Suzuki komwe kuno amati kirikuu, kuti katifikitse ku Mbezi. Tinanyamuka 4 koloko, n'kulowa mu msewu wa Morogoro pa Magomeni, ulendo uno m'mbali, pamodzi ndi ena onse.

Kuchoka pa Magomeni kufika pa Ubungo tinatha ola ndi mphindi 20. Kutentha, utsi wa malole, ogulitsa madzi ndi mtedza wa korosho akuyenda pakati pa magalimoto mofulumira kuposa ife. Kudzanja lamanja, kuseri kwa kampanda kofika m'bondo, mabasi abuluu amangodutsa, anthu atadzaza mpaka nkhope kugunda magalasi. Ndinayamba kuwawerenga, ndinafika 17 tisanafike pa Shekilango. Woyendetsa kirikuu anayang'ana njira yapakatiyo kangapo, nati kulowamo ndi faindi yoti sangaikwanitse, n'kuzimitsa injini kuti asunge mafuta.

Tafika ku Magufuli mdima utagwa. Giyabokosi ayeza, ndalipira katundu, ailowetsa pansi pa basi ya ku Kyela ndipo ndaonetsetsa kuti aigoneka mbali yoyenera kuti mafuta otsala asatayikire pa zitenje za mwana wa ku Mzuzu. Alamu abwera molunjika kuchokera kuntchito, Morocco mpaka Kimara, kenaka ina yofika kuno ku Mbezi, ndipo anafika ife tisanafike ngakhale ananyamuka mochedwa. Andibweretsera mikate iwiri ndi botolo la madzi, ndi uthenga wopita kwa apongozi ku Kasungu.

Tikiti yalembedwa saa 2 usiku, ndiye kuti 8 koloko. Ndapempha mpando wa kumbuyo, kutali ndi dalaivala, mwina pa Kitonga ndidzakhala ndili m'tulo. Ndawalembera achimwene kuti auze makaniko akonzeke Lachinayi m'mawa, ndi mnyamata wanga wapachitseko kuti Loweruka tibwerera pamsewu.